Ngolo ya Sembène ndi Mafilimu Athu Aafupi

Akuluakulu amati tsabola wakale sawawa, koma filimu yaifupi ya Ousmane Sembène yotchedwa Borom Sarret imautsutsa mwambiwu. Inajambulidwa mumzinda wa Dakar ku Senegal m'chaka cha 1963, patangotha zaka zitatu dzikolo litalandira ufulu wodzilamulira. Ndi ya zithunzi zakuda ndi zoyera, ndipo imatha mphindi pafupifupi 20 zokha. Ine ndimaitenga ngati muyeso woyesera mafilimu aafupi amene achinyamata athu akujambula ndi kutumiza ku zikondwerero za mafilimu kunja.

Nkhani yake ndi ya tsiku limodzi la bambo woyendetsa ngolo yokokedwa ndi hatchi. Mmawa apemphera nanyamuka. Anyamula anthu, ena osalipira, anyamula njerwa, anyamulanso mayi wodwala pakati kupita naye kuchipatala. Ndalama zochepa zimene wapeza azipereka kwa woimba wina amene wamukometsa m'khutu potamanda makolo ake. Kenaka anyamula bambo wofungatira mtembo wa khanda. Pachipata cha manda mlonda akana kuwalowetsa chifukwa palibe chikalata choyenera, ndipo mwini ngolo amusiya mnzakeyo pomwepo. Pamapeto pake bwana wina wovala bwino amunyengerera kuti amupititse ku Plateau, dera la anthu olemera kumene ngolo n'zoletsedwa. Wapolisi amugwira, amulanda ngolo, bwana uja n'kukwera galimoto osalipira. Bamboyo afika kunyumba ndi hatchi yokha. Mkazi wake amupatsa mwana natuluka, atalonjeza kuti usikuwo adya.

Mphamvu ya filimuyi yagona pa zimene Sembène sananene. Sitiuzidwa kumene mayiyo akupita, ndipo woonera amatsala ndi funsolo likumusowetsa mtendere. Mwini ngolo sanamuveke ungelo: ndi wosauka, koma ndi wonyada ndiponso wouma mtima kwa mnzake woferedwa. Ine amene ndimagwira ntchito m'boma ndimadziwa kulemera kwa chikalata ndi chidindo, ndipo sindinaonepo nkhani yolembedwa imene inakuonetsa momveka kuposa chipata cha manda chija. Palibe amene akulalikira kuti ufulu sunafike kwa amphawi. Tikudzionera tokha.

Komabe filimuyi ili ndi chilema. Maganizo a mwini ngolo timawamva m'Chifalansa. Sembène anali mlembi wa mabuku asanakaphunzire kujambula ku Moscow, ndipo anatembenukira ku mafilimu pofuna kufikira anthu amene sakanatha kuwerenga mabuku ake. Nanga woyendetsa ngolo weniweni wa ku Dakar, wolankhula Chiwolofu, akanamva zochuluka bwanji? Filimuyi inapata mphotho pa chikondwerero cha ku Tours ku France mu 1963, koma mwini wake sanakhutire ndi kuwomberedwa m'manja kwa alendo. Mu 1968 anatulutsa Mandabi m'Chiwolofu, ndipo ankayenda ndi mafilimu ake kukaonetsa anthu akwawo ndi kukambirana nawo.

Sindikunyoza zikondwerero. Filimu yaifupi ilibe msika, pakuti nyumba zoonetsera mafilimu siziigula kawirikawiri. Chikondwerero ndiye khomo lake. Kumeneko wojambula amakumana ndi anthu a ndalama komanso akadaulo anzake. Rungano Nyoni, wobadwira ku Zambia, anadziwika ndi filimu yaifupi ya Mwansa the Great ya 2011, imene inapikisana nawo pa mphotho za BAFTA. Pambuyo pake anajambula I Am Not a Witch mu 2017, ndipo mu 2018 anapata nayo mphothoyo. Mu Africa muno muli FESPACO ya ku Ouagadougou, imene inayamba mu 1969, ndiponso chikondwerero cha ku Zanzibar.

Koma walira mvula walira matope. Zikondwerero zambiri zimalipiritsa polembetsa, zimafuna mawu omasulira m'Chingerezi kapena m'Chifalansa pansi pa chithunzi, ndipo zina zikuluzikulu zimafuna filimu imene sinaonetsedwepo kwina. Ku Cannes filimu yaifupi yopikisana siyenera kupitirira mphindi 15. Malamulowa paokha si oipa. Choipa chimabwera pamene wojambula ayamba kulingalira za oweruza asanalingalire za nkhani yake. Pamenepo timaona mudzi wojambulidwa mokomera diso la mlendo: fumbi, mwana wolira, ng'oma usiku. Wina amene walandira thandizo ku bungwe amaimitsa nkhani pakati kuti mfumu kapena namwino apereke uphungu, ngati kuti oonera ndi ana a sukulu. Winanso amapanikiza nkhani ya maola awiri m'mphindi khumi, ukwati, matenda, maliro ndi kulapa zonse pamodzi. Sembène anatenga munthu mmodzi, ngolo imodzi ndi tsiku limodzi, ndipo zinakwana.

Anthu athu sadana ndi mafilimu. M'matauni ndi m'misika ya kumidzi amaonera mafilimu a ku China, India ndi Nigeria omasuliridwa m'Chichewa, kusonyeza kuti chimene akufuna n'kumva nkhani m'chilankhulo chawo. N'zachisoni tsono kuti filimu yojambulidwa ku Ndirande ikhoza kuonetsedwa ku Ulaya, eni ake a ku Ndirande osaiona.

Kwa wojambula wachinyamata ndikuti: tumizani filimu yanu kulikonse kumene mungathe, ndipo mukapata mphotho tidzakondwera nanu. Koma ikabwerako, kapena isanapite ngati malamulo alola, ionetseni kwa anthu amene munawajambulawo, m'holo ya sukulu kapena pabwalo la mfumu. Akaseka pamene simunayembekezere, kapena akakhala chete pamene munafuna kuti akhale chete, mudzadziwa zoona za filimu yanu zimene oweruza akutali sangakuuzeni.