Wojambula gule ayambe wamva ng'oma

Chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti, Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Mwambo wa Kulamba, womwe udaima zaka zambiri m'nthawi ya atsamunda n'kudzayambiranso mu 1984, lero umakoka alendo ochuluka onyamula makamera ndi mafoni. Kukamacha mawa lake, zithunzi zimakhala zili mbwee pa Facebook ndi WhatsApp. Mukaziyang'anitsitsa, zambiri n'zofanana: nkhope ya chilombo cha Gule Wamkulu yadzaza chithunzi chonse, nthenga, nsanza, basi. Zimakongola ndithu, koma gule mulibemo.

Vuto limayambira pomwe wojambula waima. Amakhala kumbuyo kwa khamu, n'kukoka chilombo ndi galasi loonera patali, ndipo potero amadula zonse zochipatsa tanthauzo. Chilombo sichivina chokha. Pali oimba ng'oma, amayi oomba m'manja ndi kuvomera nyimbo, atsabwalo obweza anthu kuti bwalo likule, wina wolowa modzichepetsa kukasupa, ndi ana oima mwendo umodzi uli kale kothawira. Simoni, wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, amakhala phunziro pokhapokha tikuona anthu akumuseka. Kasiyamaliro akamalowa, ulemu wake umawerengeka pa nkhope za akuluakulu. Amene wajambula nkhope ya chilombo yokha wabwerako ndi chosema chofanana ndi cha m'nyumba yosungiramo zakale. Chomwe bungwe la UNESCO lidalemekeza mu 2005 ndi gule wathunthu, pamodzi ndi anthu ake.

Choncho luso loyamba ndi kusendera pafupi monga eni bwalo angalolere, kugwiritsa ntchito galasi lotenga malo aakulu, ndi kunjuta. Kamera ikakhala m'munsi, chilombo chimatalika, Makanja amafika kumwamba kwenikweni, ndipo kumbuyo kwake kumaoneka mzere wa amayi m'malo mwa nthaka yokhayokha.

Lachiwiri lili m'khutu. Pabwalo, chilombo ndi woimba ng'oma ya mbalule amalankhulana: ng'oma imatsata mapazi, mapazi amayankha ng'oma. Wojambula wodalira maso okha amachedwa nthawi zonse, chifukwa akamadina, chilombo chatera kale. Womvera mbalule amadziwa pomwe chitumphe kapena kupalasa fumbi, ndipo chala chake chimakhala chokonzeka. N'chifukwa chake ndi bwino kuonera zilombo zingapo kamera ili pansi, mpaka thupi litagwira kayendedwe ka ng'oma. Malo abwino oima ndi pambali pa oimba ng'oma, poti chilombo chimabwerera komweko pafupipafupi.

Kenaka kuwala. Dzuwa la masana m'chilimwe ndi laukali: limayeretsa nthaka mbee, n'kusiya nkhope za anthu mumdima. Ambiri amadana ndi fumbi, chonsecho fumbi ndilo chuma cha wojambula gule. Dzuwa likapendeka, imani moti likhale kumbuyo kwa chilombo. Fumbi limayaka, ndipo mphamvu ya mapazi imaoneka ndi maso. Kamera yotseka mwachangu, monga pa 1/1000 ya sekondi, imaimitsa chilichonse m'malere. Yotseka pang'onopang'ono, monga pa 1/30, imalola nsanza kuti zisokonekere pamene oonera ali chiimire. Kawirikawiri njira yachiwiriyi ndiyo imanena zoona za gule, chifukwa gule ndi liwiro.

Palinso zimene kamera siyenera kufikako. Kudambwe sikolowa wosavinidwa, ndipo kuzemberera chilombo pamene chachoka pabwalo ndi kuba, ngakhale chithunzicho chitakongola motani. Safunsa adadya phula: mlendo apite kaye kwa mfumu kapena atsabwalo, anene chomwe wadzera, amve malire ake. Kufunsako kumakonzanso chithunzi, pakuti anthu okudziwa amaleka kuyang'ana kamera n'kubwerera ku zawo. Afunsenso dzina la chilombo ndi mudzi womwe chachokera, alembe. Ntchito ya Bambo Claude Boucher, amene adayambitsa malo a Kungoni ku Mua mu 1976, ili ndi phindu lero chifukwa zilombo adazisunga pamodzi ndi maina, nyimbo ndi matanthauzo ake.

Mwambo suthera pabwalo. Uli m'maminibasi odutsa pachipata cha Mchinji ndi Mwami, pa mafuwa a amayi ophika nsima ya alendo, pa gogo wogona pamphasa atavala chitenje cha mwambowo. Waulendo wodutsa zonsezi kuthamangira chilombo wasiya theka la nkhani.

Malick Sidibé wa ku Mali, yemwe adalandira mphoto ya Golden Lion ku Venice mu 2007, ankajambula madansi a achinyamata a ku Bamako ataitanidwa, ndipo ankatsuka zithunzi mwamsanga kuti eni ake abwere adzadzione ndi kusankha. Ankadziwa kuti oyamba kuweruza ntchito yake ndi anthu ali m'zithunzimo. Muyeso wa wojambula gule ukhale womwewo. Atumize zithunzi kumudzi komwe adazitenga, ndipo ngati mayi amene ankatsogolera nyimbo angadzipezemo n'kutchula chilombo chomwe chinkavina, ntchitoyo yatheka.