Botolo Locokera Kumwamba

Ambiri a ife tinaonerapo filimu ya botolo la Coca-Cola. Dzina lake m'Cingerezi ndi The Gods Must Be Crazy, ndiko kuti milungu yapenga. Anaipanga ndi Jamie Uys, mzungu wa ku South Africa, m'caka ca 1980. Imaseketsa ana ndi akulu omwe. Koma ikatha, oonera sakhala ndi maganizo amodzi.

Nkhani yake ndi iyi. Woyendetsa ndege ataya botolo m'cipululu ca Kalahari. Anthu a mtundu wa San alitola, nati ndi mphatso ya milungu. Wina asinjira zakudya, wina afewetsera cikopa, wina aliimba ngati citoliro. Koma botolo ndi limodzi. Posacedwa ayamba kulimbirana ndi kumenyana. Pamenepo mwamuna wina, dzina lake Xi, anyamuka kukalitaya ku mathero a dziko.

Oonera ena, makamaka akulu a mpingo, amadandaula ndi dzina la filimuyi. Amati Mulungu sapenga, ndipo sitisewera naye. Dandaulo lao nlomveka. Ngakhale makolo athu, Angoni ndi Acewa, sanali kuitana Cauta mwacibwana. Koma tiyeni tiyang'ane bwino. M'filimu yonse Mulungu saonekamo. Amene ali kumwamba ndi mzungu wa m'ndege, wotaya zinyalala pa zenera. Ndipo Xi atakumana ndi azungu, ayesa kuti milungu ija ndi iwowo, nafuna kuwabwezera botolo lao. Pa mpando wa Mulungu aikapo mzungu. Mlandu uli pamenepa.

Oonera ena amati zonsezi ndi nthabwala cabe. Naonso ali ndi mfundo. Mzungu wophunzira uja, Andrew Steyn, amagwa ndi kugwetsa zinthu akaona mkazi. Galimoto yake ilibe mabuleki, ndipo tsiku lina ilendewera mu mtengo. Xi ndiye wodekha ndi wanzeru. Ndiye apulumutsa ana a sukulu amene anagwidwa ndi anthu a mfuti. Phunziro la botolo nalonso ndi loona. Tonse tidziwa zimene thumba limodzi la feteleza limacita pakati pa abale nthawi yodzala kacewere.

Koma gulu lacitatu limafunsa funso lolemera: filimuyi inapangidwa liti, ndipo inabisa ciani? Mu 1980 dziko la South Africa linali pansi pa ulamuliro wa tsankho. Linalinso kulamulira Namibia, imene inalandira ufulu mu 1990. Anthu akuda anali kumenyera ufulu wao. Mu Januwale 1981 asilikali a South Africa analowa m'dziko lathu, napha anthu a ANC ku Matola. Tsono taonani m'mene filimuyi ionetsera anthu akuda onyamula mfuti. Gulu la Sam Boga ndi la zitsiru zongothamangathamanga. Boma limene alimbana nalo nalonso ndi losekedwa. Mzungu wa ku Pretoria anali kuseka, nati anthu otere sangadzilamulire. Ncifukwa cake itafika ku New York mu 1984, anthu odana ndi tsankho anacita zionetsero.

Filimuyi itiuzanso kuti a San anali okondwa, osasowa kanthu, osadziwa za kunja. Zoona zake zinali zina. Ku Tsumkwe, ku Namibia, a San anali atalandidwa malo ambiri osakako nyama. Kunali njala ndi cifuwa cacikulu. Amuna ambiri analowa usilikali wa South Africa kuti apeze ndalama. John Marshall anaonetsa zimenezi m'filimu yake ya 1980 yonena za mai wina, N!ai. Wolanda munda wa mnzake amakonda kunena kuti mwini wake sasowa kanthu. Atsamunda Acipwitikizi naonso anali kunena kuti makolo athu ndi ana ofunika kuwalera, uku akuwagwira cibalo.

N!xau, amene anasewera ngati Xi, anali wa ku Namibia. Luso lake ndilo mtima wa filimuyi. Pa filimu yoyamba analandira madola mazana owerengeka, pamene filimuyo inapindula mamiliyoni ambiri. Anamwalira mu 2003.

Anzanga, kuseka si mlandu. Filimuyi ili ndi luso, ndipo tidzaionerabe. Koma ife amene tikuphunzira kuwerenga zilembo tiphunzirenso kuwerenga zithunzi. Tikamaseka, tidzifunse: wapanga ndani, wapangira yani, ndipo wosekedwa ndani? Nthawi zina munthu amaombera m'manja nyimbo yomunena iye mwini.

Mafunso okambirana

1. Kodi botolo linabweretsa mavuto anji pakati pa a San?
2. Nanga m'filimuyi, ndani ali m'malo mwa Mulungu?
3. Ndi zinthu ziti za moyo wa a San zimene filimuyi inabisa?
4. Lembani mizere itatu yonena za cinthu cimodzi cimene cinayambanitsa abale m'mudzi mwanu.