Ufumu wa Azotus ndi mlembi wosadikira osindikiza

Abale ndi alongo otsogolera makalasi a akulu, vuto ili mukulidziwa. Mayi wavutikira zilembo caka conse, tsopano atha kulemba dzina lake, ndipo afunsa kuti, “Nanga ndiwerenge ciani?” Timpatsa Baibulo, buku la nyimbo, mwina ndi kapepala ka kucipatala konena za malungo, basi zathera pomwepo. Kuyambira 1993 mpaka 1997 boma linayesa kuphunzitsa ana m’Cinyanja m’masukulu ena a kuno ku Tete, ndipo pambuyo pake maphunziro a zinenero ziwiri anafalikira, koma mabuku ongowerenga kuti munthu asangalale ndi osowabe. Khasu losalimira limacita dzimbiri, kuwerenganso n’cimodzimodzi. N’cifukwa cake m’kope lino tiona za mlembi mmodzi wa ku Malawi, buku lake, ndi njira zimene watsata kuti nkhani zifike kwa anthu.

Mlembiyo ndani?

Shadreck Chikoti anabadwa m’caka ca 1979, ndipo amalemba m’Cingerezi ndi m’Cicewa. Buku lake lodziwika kwambiri ndi Azotus the Kingdom, ndiko kuti Ufumu wa Azotus. Lisanasindikizidwe linapambana mphoto ya Peer Gynt mu 2013, pa mpikisano wa bungwe la alembi la Malawi Writers Union, koma linatuluka mu 2015. Mu 2014 a Chikoti anasankhidwa pa gulu la Africa39, alembi 39 a muno mu Africa osafika zaka 40 amene anaoneka kuti ali ndi tsogolo, ndipo cigawo ca nkhani yomweyi cinalowa m’buku la gululo.

Taonani zaka zimenezo. Nkhani yopambana mphoto inakhala zaka ziwiri isanafike m’manja mwa owerenga. Ku Malawi, monga kwathu kuno, makampani osindikiza amathamangira mabuku a sukulu, pakuti ndiwo ali ndi ogula otsimikizika. Wolemba nkhani zopeka akangopinda manja, mapepala ake adyedwa ndi ciswe.

Za m’bukumo

Nkhani yake icitika mu Africa zaka 500 kutsogoloku. Mu ufumu wa Azotus munthu aliyense amakhala yekha m’nyumba yake. Salima, sasaka nkhuni, sadandaula za ndiwo. Zonse amampatsa, ndipo pali anchito omsamalira. Alibe mnansi woceza naye, ndipo zimene adziwa za dziko ndi zokhazo zimene eni ufumu afuna kuti adziwe. Mwamuna wina, Kamoto, ayamba kufunsa mafunso ndi kulakalaka kuona za kunja, ndipo moyo wake ukumana ndi wa Tina, mmodzi wa osamalira nyumba. Apo ndipo payambira mavuto.

Wozolowera Baibulo akamva dzina la ufumuwo akumbukira Macitidwe 8:40, pamene Filipo, atabatiza mdindo wa ku Etiopia, anapezeka mwadzidzidzi ku Azotu. Wowerenga bukuli naye amangopezeka ali m’dziko lacilendo, popanda womfotokozera kuti wafikamo bwanji.

Mphamvu ya bukuli ili pa funso limodzi: kodi munthu wokhuta, koma wopanda mbale ndi wopanda ufulu wotuluka, ali moyo? A Chikoti sanapange ufumu wa zikwapu ndi njala. Anapanga ndende yofewa, yoti wam’kati sadziwa n’komwe kuti ali m’ndende. Imeneyi ndi nzeru, cifukwa goli lopweteka aliyense amalikana, koma lopakidwa mafuta munthu amalitenga ngati mkanda.

Ife a ku Cassacatiza sitifunika kudikira zaka 500 kuti timve zimenezi. Akuluakulu akukumbukira midzi ya mpanda imene Apwitikizi anasonkhanitsiramo anthu a ku Tete pa nthawi ya nkhondo ya ufulu. Ambiri akukumbukira kuthawa nkhondo yaciwiri ija, ena kudutsa pa Chanida mpaka kukakhala ku Ukwimi m’boma la Petauke, ena ku Malawi. Ambiri anapulumukira komweko, ndipo sitiiwala kuthokoza. Komabe moyo wolembedwa m’kaundula, wolandira cakudya pa mzera ndi khadi m’manja, si moyo wa pamudzi. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera ku mabwinja ndi ku minda yodzala chire, nasiya cakudya colandira. Funso la Kamoto iwo analiyankha ndi miyendo yao.

Pofooka pake

Bukuli lili ndi zilema ziwiri, ndipo tizinena poyera. Coyamba, nkhani imayenda pang’onopang’ono koyambirira. Mlembi afuna kuti timve kutopetsa kwa moyo wa masiku ofanana, ndipo zimenezo zimatheka, koma wowerenga wosaleza mtima angalitseke asanafike pokoma. Anamwino a nthano, agogo athu aja, ankadziwa kuti omvera akayamba kuyankha “tili tonse” mwaulesi, nthawi yoponya nyimbo yakwana.

Caciwiri ndico cacikulu kwa ife: bukuli lili m’Cingerezi. Mlembi wodziwa Cicewa walota tsogolo la Africa m’cinenero cimene mayi wa m’kalasi mwanu sangawerenge, ndipo kuno kumene sukulu imaphunzitsa Cipwitikizi mpandawo ndi wautali kawiri. Sitikumuimba mlandu, pakuti mphoto ndi ogula akunja amafuna Cingerezi. Koma tifunse ndithu: ngati za m’tsogolo zonse zilembedwa m’zinenero za ena, kodi ana athu sadzaganiza kuti Cinyanja n’ca kumaliro ndi kumunda kokha?

Makhalidwe oyenera kutengera

Cimene a Chikoti atiposa naco ndi kagwiridwe ka nchito. Sanakhale pansi kudandaula za osindikiza. Anatsogolera kampani yaoyao, Pan African Publishers, ku Lilongwe. Mu 2013 anayambitsa Story Club, bwalo limene alembi ndi okonda nkhani amakumana, kuwerengerana zolemba ndi kuuzana moona pamene pakoma ndi pamene pafooka. Kenaka anasonkhanitsa alembi acinyamata pa maphunziro, nawapatsa funso limodzi: Africa adzaoneka bwanji zaka 500 zikubwerazi? Zipatso zake ndi buku la Imagine Africa 500, limene linakonzedwa ndi Billy Kahora wa ku Kenya ndi kusindikizidwa ndi kampani ija. M’menemo muli nkhani za alembi a maiko angapo, pamodzi ndi ya Muthi Nhlema wa ku Malawi.

Pamenepa pali zinthu zitatu. Mlembi salemba yekha kucipinda n’kudziyamikira, koma amapereka nkhani yake kwa anzake kuti aipete ngati mphale. Amavomera kuti wina akonze zolemba zake. Ndipo njira ikasowa, amailambula yekha. Ngozi ya wodzisindikizira mabuku ndi yakuti palibe womletsa, conco madeya ndi ufa zimatulukira pamodzi. Mankhwala ake ndi bwalo lija. Mutu umodzi susenza denga.

Kodi si mabodza?

Alipo Akristu ena amene amakayika nkhani za maiko osaoneka, amati n’zotaya nthawi. Tiwakumbutse kuti pa Oweruza 9 Yotamu anasimba za mitengo yofuna mfumu, ndipo pa 2 Samueli 12 mneneri Natani anagwira Davide ndi nkhani ya kamwana ka nkhosa. Mitengo siyankhula, koma coonadi cinamveka. M’cinenero cathu comwe, J. W. Gwengwe analemba Sikusinja ndi Gwenembe, m’mene mbalame imaulula mlandu wa munthu wopha mbale wake, ndipo akuluakulu a m’malire muno sanaiwale Julius Chongo ndi nkhani zake za Poceza M’madzulo pa wailesi ya Zambia. Cacilendo mwa a Chikoti n’cakuti nthano yao yayang’ana kutsogolo, pamene zathu zimayamba ndi “padangotero”.

Tsono ife ticite ciani?

Kalasi lanu ndi bwalo kale. Tsiku lina ikani pambali buku la maphunziro, mufunse kuti: Cassacatiza adzakhala wotani adzukulu a adzukulu athu akadzakula? Kodi malire adzakhalapobe? Magalimoto akuluakulu odutsa pa mseu wa ku Katete adzanyamula ciani? Mvula idzagwa mwezi uti? Asiyeni akangane. Wina asimbe, wina alembe m’kope, mau ake akhale omwewo a pakamwa. Sabata yotsatira muwerenge mokweza, ndipo kalasi linene pamene pakutopetsa ndi pamene sipakumveka. Mukakonza kawiri kapena katatu, wa dzanja labwino akopere ndi zilembo zazikulu, masamba anai kapena asanu ndi limodzi, musoke ndi ulusi. Pacikuto lembani maina a eni nkhani, mudzi ndi caka. Kumene kuli makina a fotokope, pangani makope ocepa, musinthane ndi kalasi la mudzi wina.

Kabuku kotere sikadzalandira mphoto ku Lilongwe kapena ku Maputo. Koma mayi uja akadzafunsanso coti awerenge, mudzakhala ndi compatsa, ndipo pacikuto adzapezapo dzina limene anaphunzira kulemba caka catha.