Alembi Osaoneka a Maseŵera Ogwetsana

M'tinyumba toonetseramo kanema pa boma la Mzimba ndi pa Jenda, ana athu amakuwa mpaka kusasa mawu poona zimphona za WWE zikugwetsana. Makolo ena amakwiya akamva kuti wopambana amadziŵika ndeu isanayambe, nati: “Ndi bodza basi.” Ife sitiona mlandu pamenepo. Pa Umthetho ku Hora amuna ovina ingoma amanyamula zishango ndi zibonga, koma palibe amene amaŵatcha abodza chifukwa choti sanaphe munthu. Eni kampaniyo nawo adavomera okha mu 1989, pamaso pa opanga malamulo a ku New Jersey, kuti ntchito yawo ndi seŵero, si mpikisano.

Mlandu uli m'chipinda chimene ana saona. M'menemo mumakhala gulu la alembi, ndipo mkulu wawo ndiye amagamula kuti uyu akondedwe, uyu adedwe, uyu asekedwe. Kwa zaka pafupifupi 40 mawu omaliza anali a Vince McMahon, mpaka mu 2022 pamene udindowu udapita kwa mkamwini wake, Paul Levesque, wodziŵika ndi dzina loti Triple H.

Tsono taonani zimene alembi otere adachita ndi Africa. Mu 1982, ku Memphis, Jerry Lawler ndi Jerry Jarrett adatenga James Harris, mbadwa ya ku Mississippi, nampaka utoto kumaso ndi pamimba, nampatsa mkondo ndi chishango. Adamutcha Kamala wa ku Uganda, wodya anthu, wosadziŵa kulankhula. McMahon adamlemba ntchito mu 1984 osasinthapo kanthu, poti khamu linkalipira. Chishango, chimene kuno chimapatsa mwamuna ulemu, kumeneko chidasanduka chizindikiro cha chilombo. Harris adamwalira mu 2020, atadulidwa miyendo yonse iŵiri chifukwa cha matenda a shuga.

Kofi Kingston adabadwira ku Kumasi, m'dziko la Ghana, koma alembi adayamba amuonetsa ngati wa ku Jamaica, wolankhula mopotoza lilime. Apa tiyenera kuyamikira pamene payenera: mu 2019 anthu oonerera adafuula dzina lake sabata ndi sabata, ndipo alembi adamva, nasiya zimene adakonza. Mlembi wodziŵa kumvetsera ndi wosoŵa, ngakhale pakati pa ife olalika. Mu April chaka chimenecho Kofi adagonjetsa Daniel Bryan pa WrestleMania 35, nakhala munthu woyamba wobadwira mu Africa kutenga lamba wamkulu wa WWE.

Koma dzanja lopatsa ndi lomwelo lolanda. Mu October, pa usiku woyamba wa SmackDown pa wailesi ya kanema ya Fox, panafunika dzina lokoka anthu ambiri. Brock Lesnar adanyamula Kofi, namgwetsa kamodzi, ndipo lamba adapita masekondi 10 asanakwane. Ndeu yobwereza yolimbirana lambayo alembi sadampatse.