Dzina la Nyumba ya Odwala Kayakaya: Kuunika Mawu a Chinyanja pa Chisamaliro cha Omwe Ali Pafupi Kutsirizika

Mumzinda wa Livingstone, momwe Chitonga, Chilozi ndi Chinyanja zimamveka pamsika umodzi, muli nyumba ya mpingo wa Katolika yotchedwa St Joseph's Hospice. Mawu akuti hospice sanamasuliridwe, ndipo nkhani ino ikuunika mawu omwe angalowe m'malo mwake.

Chisamaliro chamtunduwu chidakhazikika mu 1967 pomwe Cicely Saunders adatsegula St Christopher's Hospice ku London. Saunders adaphunzitsa kuti ululu wa munthu wotsala pang'ono kumwalira uli m'thupi, m'maganizo, mumzimu komanso pa ubale wake ndi anthu. Ku Zambia nyumba zotere zidadza ndi mliri wa Edzi, matenda omwe Kenneth Kaunda adawatchula poyera mu 1987 pomwe adaulula kuti ndiwo adapha mwana wake.

Omasulira amakonda kunena kuti "chisamaliro cha odwala matenda osachiritsika". Tikuona zofooka ziwiri pa mawuwa. Choyamba, tsinde lake ndi mneni "kuchiritsa" ataikidwa mphatikiram'tsogolo wokanira, choncho wodwala akudziwika ndi zimene dokotala walephera. Chachiwiri, shuga ndi kachilombo ka HIV n'zosachiritsikanso, koma anthu amakhala nazo zaka zambiri akumwa mankhwala. Mawuwa akuphatikiza wodwala mgonagona ndi wodwala kayakaya, anthu omwe Chinyanja chidawasiyanitsa kale.

Kutchula malowa kuti "nyumba yofera" n'kulakwitsa koposa. Pa chikhalidwe chathu imfa siitchulidwa wodwala akupuma, ndipo banja lopititsa kholo kumalo a dzina lotere lingaoneke ngati lamutaya. Mapeto ake wodwala angatsalire kunyumba, kutali ndi morphine yemwe akadamuchepetsera ululu.

Chinyanja chili ndi mneni woyenera, "kudwazika", womwe ndi kukhala pambali pa wodwala, kum'sambitsa, kum'mwetsa phala ndi kum'tembenuza usiku. Mneniyu salonjeza kuchira ndipo salosera maliro. Ku Malawi mayina monga Ndi Moyo ku Salima ndi Tiyanjane pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre adatsata nzeru yofananayo: akutchula umoyo ndi ubale zomwe wodwala akadali nazo.

Tikumbukirenso kuti hospice adachokera ku mawu a Chilatini onena za mlendo ndi womulandira. Makolo adati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti asamalidwe bwino popeza sachedwa kuchoka. Ganizoli ndilo lomwe lili m'mawu a Chilatiniwo.

Motero tikupereka maganizo akuti "nyumba yodwazikiramo" ndi "udwaziki" ayesedwe m'mabuku a sukulu ndi m'maphunziro a anamwino. Popeza wodwala wa ku Livingstone angamve Chitonga, namwino Chinyanja ndipo wansembe Chilozi, akatswiri a zilankhulo zitatuzi ayenera kugwirizana pa mawu ofanana tanthauzo, kuti banja limve chimodzimodzi kuchokera kwa onse.