Nkhongole Imayang'ana Nkhope: Kuonanso Filimu ya Adults in the Room

Aliyense amene anatengako kaloba mu komboni adziwa kuti mwini ndalama akagogoda pacitseko, safunsa ngati ana adya. Filimu ya Adults in the Room, imene Costa-Gavras anatulutsa mu 2019, ikamba nkhani yotere, kungoti wogogodedwa ndi dziko lonse la Greece. Ndaionanso posacedwapa, ndipo zimene zikucitika ku Ulaya masiku ano zaipatsa mano amene inalibe itangotuluka.

Filimuyi inacokera m'buku la dzina lomweli limene Yanis Varoufakis anatulutsa mu 2017. A Varoufakis anali nduna ya zacuma m'boma la Alexis Tsipras kuyambira Januwale mpaka Julayi 2015. Pomwe ankalowa mu ofesi, Greece inali itasainira kale nkhongole ziwiri zikuluzikulu: mayuro mabiliyoni 110 mu 2010, ndi ena mabiliyoni 130 mu 2012. Oyang'anira nkhongolezo anali mabungwe atatu ochedwa Troika: European Commission, European Central Bank ndi IMF. Malamulo ao anali akuti dulani malipiro ndi penshoni, kwezani misonkho, gulitsani katundu wa boma. Cuma ca dziko cinatsika ndi gawo limodzi mwa magawo anai. Mu 2013 ulova unafika pa 27 peresenti, ndipo acinyamata opitirira theka analibe nchito. Makolo athu amene anaona makampani a boma akugulitsidwa m'zaka za m'ma 1990 safunika kumasuliridwa zimenezi.

Musayembekezere mfuti kapena magalimoto othamangitsana. Filimu yonse ndi ya anthu a masuti atakhala patebulo ku Brussels, ku Berlin ndi ku Athens. Koma m'menemo ndi mmene muli mphamvu yake. Christos Loulis, amene asewera ngati Varoufakis, alowa m'msonkhano wa nduna za zacuma atanyamula masamu oonetsa kuti Greece singathe kubweza nkhongole ngati apitiriza kuifinya. Palibe amene atsutsa masamu ake. Amangomuyankha kuti lamulo ndi lamulo, saina. Ulrich Tukur, amene asewera ngati Wolfgang Schäuble wa ku Germany, sakweza mau ngakhale pang'ono, ndipo kufatsa kwakeko kumaopsa kuposa kukalipa. Woonerera amayamba kumva funso limene lili pansi pa zokambirana zonse: kodi voti ya anthu ili ndi nchito yanji ngati ndalama zili m'thumba la wina?

Yankho lake linabwera msanga. Pa 29 Juni 2015 mabanki a ku Greece anatsekedwa, munthu nkumaloledwa kutapa mayuro 60 okha patsiku. Pa 5 Julayi anthu 61 pa 100 alionse anavota kukana malamulo a obwereketsa. M'mawa mwake a Varoufakis anatula pansi udindo, ndipo patangopita sabata imodzi a Tsipras anavomera nkhongole yacitatu, yofika mabiliyoni 86. Costa-Gavras sanaonetse usiku umenewo ngati msonkhano. Anausandutsa gule, atsogoleri a Ulaya atamzungulira Tsipras mpaka nayenso atsatira sitepe yao. Ena ati gule ameneyu ndi wacibwana. Ine ndiona kuti ndi pokhapo pomwe filimuyi ileka kulalikira niyamba kuonetsa.

Zofooka zilipo, ndipo si zazing'ono. Mlandu uno tikuumva kwa mboni imodzi, ndipo mboniyo siilakwa. M'cipinda ciliconse Varoufakis ndiye wanzeru, ndiye woona mtima, ndiye wa nthabwala zabwino. Filimu siicedwa pa mfundo yakuti mu 2009 zinaululika kuti boma la Greece linkacepetsa ziwerengero za kupereweza kwa bajeti yake. Siipatsanso mpata wokwanira maiko monga Slovakia, Latvia ndi Lithuania, amene ankafunsa cifukwa cake okalamba ao, olandira penshoni yocepa kuposa ya ku Greece, ayenera kuthandiza kulipira. Funso limenelo linali la cilungamo. Coipitsitsa, mayi wogona pamzere wa ku banki, kapena mnyamata wa digiri wokwera ndeke kukafuna nchito ku Germany, sapatsidwa dzina kapena mau. Filimu yodandaula kuti anthu wamba anatsekeredwa kunja kwa cipinda nayonso yawasiya panja.

Nanga n'cifukwa ciani tiyenera kuionera tsopano? Cifukwa malamulo amene ankati sangapindike apindika. Pangano la maiko a Ulaya liti kupereweza kwa bajeti kusapitirire 3 peresenti ya cuma ca dziko, ndipo nkhongole isapitirire 60 peresenti. Covid itafika mu 2020, malamulowo anaimitsidwa, maiko nagwirizana kukongola pamodzi mayuro mabiliyoni 750, cinthu cimene Germany inkakana nthawi ya Greece. Nkhondo ya ku Ukraine itadula gasi wochipa wa ku Russia, mitengo m'maiko a yuro inakwera ndi 10.6 peresenti mu Okutobala 2022. Mu Seputembala 2024, Mario Draghi analemba lipoti lakuti Ulaya afunika kuika mayuro mabiliyoni 750 mpaka 800 oonjezera caka ciliconse m'mafakitale, magetsi ndi luso lamakono, apo ayi America ndi China amusiya kumbuyo. Draghi ameneyu ndi yemwe uja anali mkulu wa European Central Bank mu 2015, pomwe bankiyo inaleka kuonjezera ndalama zopulumutsira mabanki a ku Greece. Mu Marichi 2025 Germany yomwe inasintha malamulo ake oletsa kukongola kuti igule zida, niikanso thumba la mabiliyoni 500 lokonzera njanji, misewu ndi zina. Ku France, kumene nkhongole yapitirira 110 peresenti, maboma awiri anagwa cifukwa ca bajeti, la Michel Barnier mu 2024 ndi la François Bayrou mu 2025. Palibe Troika imene yatera ku Paris.

Otsutsa a Varoufakis ali ndi poimira. Greece inatuluka m'manja mwa obwereketsa mu Ogasiti 2018, ndipo lero ikucepetsa nkhongole yake. Iwo ati mankhwala owawa anagwira nchito. Koma IMF yeniyeniyo inavomera mu 2013 kuti siinayeze bwino kuononga kumene kudula bajeti kunadzetsa. Wodwala anacira, inde, koma zaka khumi za acinyamata ake sizidzabwezedwa.

Ife a ku Zambia, amene dziko lathu linalephera kulipira Eurobond mu Novembala 2020 nilibwerera ku IMF mu 2022, tinazolowera kuuzidwa kuti nkhongole ndi masamu cabe. Filimuyi, ndi zilema zake zonse, ionetsa kuti masamuwo amawerengedwa mosiyana malinga ndi amene wakhala kumutu kwa tebulo. Ionereni ndi mnzanu wokonda kutsutsa, ndipo mau a Varoufakis musawameze onse.