Zikomo Amayi Ofulula Munkoyo

Mayiko ena amatchuka ndi vinyo wa mphesa. Kuno ku Lusaka chakumwa chathu chonyadira ndi munkoyo, ndipo ulemu wake upite kwa inu amayi amene mumaufulula ku Kabwata, ku Chelstone ndi m'makomboni a mzinda uno.

Ntchito yanu imayambira kutali, m'nkhalango za miombo za ku Copperbelt ndi m'chigawo chapakati, kumene mizu ya munkoyo imakumbidwa isanafike pa msika wa Soweto itamangidwa m'timitolo. Inu mumaisinja mpaka itanyenyeka ngati luzi, kenaka n'kuphika phala la ufa wa chimanga. Apa ndi pamene pagona luso: phalalo liyenera kupola mpaka chala chizitha kupirira, chifukwa likatentha kwambiri limapha mphamvu ya mizu. Mukaponyamo mizu ija, phala lolimba limasungunuka n'kuyamba kutsekemera. Mumasefa, n'kuthira m'chipanda kapena m'ndowa kuti munkoyowo ugone tsiku limodzi kapena awiri, uyambe kuwawasira bwino.

Abale a ku Chipata ndi ku Malawi amadalira chimera pophika thobwa; inu mwasunga nzeru ya mizu imene makolo anaitulukira okha. Munkoyo wanu umapha ludzu la amisiri omanga nyumba, umasangalatsa alendo paukwati ku Woodlands ndi ku Kabulonga, ndipo umalipirira ana sukulu.

Ife ogula tikulipireni mtengo woyenera, okumba asiyeko mizu ina kuti iphukenso, ndipo inu muphunzitse atsikana lusoli.